Lona la Matumba Anayi

MUTU 5

1. Lamulo la Mayi Mwila

Lolemba lomaliza la Novembala 1994, Mayi Mwila analowa m'kalasi atanyamula sikelo yokoloweka, ija amayezera kapenta pamsika. Anaiika patebulo n'kuyang'ana ana khumi ndi mmodzi a kalabu yosamala zachilengedwe. Phokoso linatha lokha.

Nkhani inali ya ulendo. Sukulu ikatsekera, kalabuyo inkapita kukayenda pansi masiku anayi m'mapiri a kum'mawa kwa tauni ya Kafue, kukawerenga mitengo imene inatsala. Chiyambire mafakitale kuchotsa anthu ntchito, ambiri anathawira kootcha makala, ndipo mapiri anali kumeteka tsiku ndi tsiku. Vuto linali lakuti malo paulendowo anali asanu ndi amodzi basi.

"Mvelani bwino, kaili sinizabwezapo," anatero Mayi Mwila. "Kulibe motoka izakunyamulilani katundu. Aliyense azanyamula vakudya vake, bulangeti yake na nyumba yake pamusana. Chola chisapitilile makilo teni. Ino ni nthawi ya mvula, so pogona pako pafunika pankhale pouma. Nakhala niyenda na bana m'mapili zaka zambili. Wamene amabwelela panjila si wofooka iyayi, ni uja ananyamula vintu voonetsa banzake. Pa Chiwelu mubwele pa gilaundi na vyola vanu. Nizayesa mmodzi mmodzi, ndipo sikelo iyi ilibe mubale."

Tinenenji Daka, mtsikana wa giredi 10 wa ku Nangongwe, analemba tsikulo pachikuto cha kope lake: Loweruka. Ulendowu ankaufuna ndi mtima wake wonse. Ankalota kudzakhala woyang'anira nkhalango, ndipo omaliza ulendo ankalandira kalata yowathandiza pofunsira malo ku koleji. Koma tenti analibe, ngakhale yongobwereka.

Potuluka, mnzake Blessed anamukoleka dzanja. Blessed ankakhala ku Estates, kumanyumba abwino a m'tauniyo, ndipo bambo ake anali adakali pantchito ku fakitale ya feteleza.

"Ine yanga nagula kudala pa salaula," anatero Blessed. "Ya ku Jelemani, ya buluu, ili na zipi na kawindo. Nanga iwe shani? Ah, naibala, batate bako ni ba inspekita ku fakitale ya nsalu. Bazakupangila ya sipesho."

Tinenenji anangogwedeza mutu. Bodza limeneli anali atalilera miyezi khumi ndi inayi, ndipo linali litanenepa.

2. Nsalu ya m'sutikesi

Zoona zake zinali izi. Bambo Lastone Daka anagwiradi ntchito yoyang'ana nsalu zaka khumi ndi zisanu ndi ziwiri. Koma salaula, zovala ndi katundu wakale wochokera kunja, itasefukira m'misika, anthu anasiya kugula nsalu za pafakitale, ndipo dzina lawo linatuluka pamndandanda wa ochotsedwa. Tsopano ankakhala pansi pa mtengo wa mango m'mbali mwa msewu waukulu, ndi makina opalasa ndi phazi, n'kumasoka malona ong'ambika ophimbira katundu pa malole ochokera ku Chirundu.

Ntchitoyo inkadyetsa banja. Komabe Tinenenji, pochokera kusukulu ndi anzake, ankazungulira njira ya kunjanji kuti asadutse pamtengopo. Ankati njira ya kumsewu ili ndi fumbi, ngati kuti kunjanji kunali kapeti.

Madzulo a tsiku limenelo anawafotokozera bambo ake za ulendowo. Nkhope yawo inawala. Analowa kuchipinda n'kukoka sutikesi yachitsulo pansi pa bedi.

"Lero kugwa matalala," anatero Mayi Elina, amayi ake a Tinenenji. "Mwatsegula sutikesi ija?"

M'sutikesimo munali nsalu yochindikala ya thonje, ya mtundu wa khaki. Inali nsalu yomaliza imene Bambo Daka anaiyang'ana tsiku lawo lomaliza pafakitale, ndipo pakona pake panali chidindo chawo cha inki yofiirira, nambala 14. Madalaivala awiri anaifunapo, koma anabwerera chimanjamanja. Pakhomopo aliyense ankadziwa mawu awo akuti, "Pansalu iyi sipadzadutsa sizasi ine ndili moyo."

"Ukanyamule iyi," anatero. "Dontho silingalowe. Koma osadula, wamva?"

Asanamalize n'komwe, anakwinya nkhope. Anaikweza nsaluyo m'manja kawiri, n'kutuma Tinenenji kukabwereka sikelo kwa mayi wogulitsa kapenta pafupi ndi nyumba yawo. Youma inalemera makilo anayi. Kenaka anachita chinthu chimene Mayi Elina anagwira nacho pakamwa: anaimiza mumgolo wa madzi. Atainyamula ikuchucha, muvi wa sikelo unatsetsereka mpaka pa seveni.

Bambo Daka anakhala pampando. Zinawawawa, ndipo sanabise.

"Mwana wanga," anayamba, "nsalu iyi ndimaikonda, koma sindingakunamize chifukwa cha chikondi changa. Chinthu chokanyamula pamsana nthawi ya dzinja usachiyese chili chouma. Thonje limamwa madzi. Tsiku loyamba unyamula lona, tsiku lachiwiri unyamula lona ndi mvula ya dzulo yomwe. Anzako adzayeza zouma kunyumba n'kumasekerera, koma phiri silidzawafunsa zimenezo. Ndiye ukapeza nsalu ina, usafunse kuti yachokera dziko liti. Uitambasule padzuwa, uone ngati kuwala kukudutsa. Uiike pakamwa, uuzire. Mpweya ukadutsa, madzinso adutsa. Uinunkhize, pakuti nsalu yakufa imanunkha. Ukatero uthire madzi n'kudikira, osathamanga. Ine zaka zonse zija ntchito yanga inali imeneyi, kukana nsalu zokongola."

"Manje nizanyamula chani, Batate?" anafunsa Tinenenji.

Bambo ake analoza kuseri kwa chitseko. Kunali matumba anayi a feteleza, otsala kudimba la Mayi Elina la kumtsinje. Anali aja okhala ndi pulasitiki yonyezimira m'kati.

"Awo samwa madzi, ndipo anayi onse safika kilo imodzi. Titawatumbula n'kuwalumikiza bwino, likhoza kutuluka lona la munthu mmodzi. Mitengo yoimikira ukaipeza konko kuthengo. Iwe unyamule chingwe basi."

"Masaka ya feteleza?" Tinenenji anaimirira. "Batate, mufuna sukulu yonse iniseke? Banzanga bali na matenti ya zipi, ine nikagone mu saka monga milisi yopita ku chigayo?"

Anatuluka panja akulira. Bambo Daka sanamuitane. Anakayanika nsalu yawo pachingwe, n'kuiwongola makwinya ndi chikhatho.

3. Tenti yofiira

Lachiwiri atatuluka kusukulu, Tinenenji anathamangira kumsika kwa Violet, mng'ono wa amayi ake, amene ankagulitsa salaula. Mwayi wake, m'belo lomwe munatuluka tenti ya Blessed munali itatsala ina yofiira.

"Tenga mwana wanga, uzabweza ukabwela," anatero Violet. "Iyi ni ya bazungu, osati va masaka vamene bakukuuza balamu banga. Bazakuona bazaziba ati wafika."

Kunena zoona, tentiyo inali yokongola. Inali ndi kathumba kakekake, timitengo tachitsulo topindika ndi zipi woyenda bwino. Tinenenji anaipanira kukhwapa, ndipo njira yonse mapazi ake sankagunda pansi.

Anafika kunyumba bambo ake asanaweruke. Anapita kuseri, kumene amayi ake ankachapa, n'kuitulutsa m'kathumba muja. Fungo linamulandira, longa la mkaka wosasa. Tinthu toyera tinamatirira m'manja mwake ngati gaga.

"Yankhalitsa chabe mu belo," anatero, ngakhale panalibe amene anamufunsa.

Anaitambasula padzuwa. Kuwala kunadutsa m'timabowo tosawerengeka. Anaiika pakamwa n'kuuzira, ndipo mpweya unamupeza kudzanja la kuseri. Apa akanatha kuleka, koma Tinenenji anali wamakani ngati bambo ake omwe. Anaiimika bwinobwino, nalowamo, napempha amayi ake kuti athire madzi pamwamba.

Mayi Elina anathira beseni limodzi. Poyamba kunali zii, ndipo Tinenenji anayamba kumwetulira. Kenaka dontho linamugwera pamphumi, lina pakhosi, lina pabondo. Anatuluka tsitsi lili chonyowa.

"Mwina mvula ya m'mapili siizankhala yamphamvu so," anatero motsitsa mawu.

Amayi ake anapukuta manja pachitenje n'kukhala pandowa yovundikira.

"Khala pansi, Tine. Tenti iyi ukhoza kupita nayo, sindikuletsa. Loweruka anzako adzakuzungulira n'kumaisisita, mwina mphindi zisanu. Zikatha mphindi zimenezo, wotsala ndi madontho ndiwe wekha. Akulu anati chikomekome cha mkuyu, m'kati muli nyerere. Amene anaitaya kwawoko sanali wopusa. Anaona kuti yatha ntchito. Koma ine chikundiwawa si tenti ayi. Ndikudziwa kuti umazungulira kunjanji kuti anzako asawaone atate ako pamsewu. Usadabwe, Nangongwe ndi yaing'ono. Iwonso akudziwa. Tsiku lina anakuona uli patali ndi anzako, anawerama ngati akukonza lamba wa makina kuti usavutike kuwabisa. Atabwera kuno, nsima sanadye. Munthu uja sanabe, sanapemphe, anangochotsedwa ntchito ngati anzake mazanamazana. Yunifomu wavalayo yatuluka pansi pa mtengo wa mango umene ukuuthawawo. Ndatha ine, zotsalazo uganize wekha."

Anabwerera kochapa kwawo. Tinenenji anayang'ananso tenti ija, manyazi atamugwira. Kenaka anaipinda tenti ija, naibweza m'kathumba kake, n'kupita nayo kumsika dzuwa lisanalowe.

4. Pansi pa mtengo wa mango

Lachitatu m'mawa anamukokera Blessed pambali.

"Tenti yako uiyese na manzi ukalibe kubwela nayo. Inzake ya mu belo imodzi nayiyesa, idontha."

"Jelasi izakupaya, iwe," anaseka Blessed. "Vintu va ku Jelemani vidontha?"

Tinenenji sanalimbane naye. Ataweruka, anadzera njira ya kumsewu, yunifomu ili m'thupi, matumba anayi aja ali pamutu. Anali atawachapa katatu mpaka fungo la feteleza litatha. Bambo Daka atamuona akubwera, phazi lawo linaima pachopalasira.

"Nabwela, Batate. Munipunzise."

Sanamufunse za dzana. Anangosuntha pabenchi n'kumupatsa kampeni kotumbulira misoko.

Ntchitoyo inali ndi mwambo wake. Thumba lililonse analitumbula n'kuliyala, mbali yonyezimira kumwamba. Polumikiza, thumba la pamwamba linkakwera pa la m'munsi, monga amakhomera malata, kuti madzi azitsetsereka osapeza polowera. Ulusi ankayamba aupaka kandulo. Msoko uliwonse ankaupinda kawiri.

"Wopalasa ndiwe," anatero bambo ake. "Lona ukagonamo uyenera kudziwa msoko wake uliwonse. Likakang'ambika kuphiri, ine kulibe."

Makinawo anamuvuta. Ulusi unaduka kanayi, ndipo msoko woyamba unayenda ngati woledzera. Bambo Daka anamuuza kuti aumasule wonse. Dalaivala wina amene ankadikira lona lake anaseka n'kunena kuti, "Ba Daka, mwalemba nchito ba inspekita banyowani?" Ana a sukulu ankadutsa n'kumacheuka. Tinenenji anawaona, makutu anamutentha, koma phazi silinachoke pachopalasira.

Lachinayi madzulo lona linatha. Analimanga pakati pa mtengo wa mango ndi chikwangwani cha pamsewu, nathira ndowa yathunthu. Pansi panakhala pouma. Tinenenji analumpha ndi chimwemwe. Nthawi yomweyo lole yaikulu inadutsa mwaliwiro, mphepo yake inalowa pansi pa lona, ndipo kona imodzi inathothoka pamodzi ndi chingwe chake.

"Ndinkaopa zimenezi," anatero Bambo Daka. "Lona limafera m'makona."

Anayesa chigamba cha lona la lole, koma chinali chouma ngati chikopa, ndipo atakoka chinacheka thumbalo. Anayesa chidutswa cha thalauza lakale, icho chinang'ambika chokha. Pankafunika nsalu yofewa koma yolimba, ndipo m'bokosi lawo la zigamba munalibe yotero.

"Ndiye kuti vakanga?" anafunsa Tinenenji, misozi ili m'maso. Loweruka linali mkuja.

"Pita kunyumba ukathandize amako. Ndiona."

Lachisanu Tinenenji anapita kusukulu, kenaka kumapemphero a achinyamata kutchalitchi. Pobwera anapeza lona litapindidwa kale, litamangidwa ndi chingwe, lili pansi penipeni pa chola chake.

"Usamasule," anatero bambo ake osamuyang'ana. "Ndalipinda mwa njira yake. Ukamasulire konko."

5. Loweruka

Pabwalo la mpira panali ngati pachionetsero. Tenti ya Blessed inaima pakati, yabuluu, kawindo kake kali pululu. Chileshe, mnyamata wamtali wa giredi 11, anabwera ndi chitenti chobiriwira cha amalume ake, cha nsalu yochindikala, ndipo ankauza aliyense kuti kunyumba chola chake chinalemera makilo naini ndi theka.

Tinenenji anasankha malo kumapeto, pafupi ndi mitengo iwiri ya bulugamu. Atangotulutsa lona lake, zilembo zikuluzikulu za pamatumba zinaonekera, dzina la feteleza wa yuliya.

"Bwelani muone!" anakuwa mnyamata wina. "Ba Yuliya bafika! Tizakolola bwino chaka chino!"

Bwalo lonse linafa nacho chiseko. Blessed anaseka mpaka kugwira m'mimba.

Tinenenji anagwada n'kumasula chingwe. Atatambasula, manja ake anaima. Pakona iliyonse panali chigamba cha nsalu ya khaki, chodulidwa mwaukhondo, chosokedwa mizere itatu. Chinanso chinali pakati, podutsa chingwe chachikulu. Anatembenuza kona yomaliza, napeza chidindo cha inki yofiirira, nambala 14.

Chiseko cha anzake sanachimvenso. Anasisita chidindocho ndi chala, mtima ukumuwawa ndi kumukoma nthawi imodzi. Kenaka anapukuta m'maso, namanga chingwe pakati pa mitengo ija, nakoka makona anayi mpaka lona linati gwa, lotsika kumbali kochokera mphepo.

Mayi Mwila anafika ndi zitini ziwiri zothirira dimba la sukulu ndi mulu wa nyuzipepala zakale.

"Aliyense alowe m'nyumba yake na pepa imodzi pamendo," analamula. "Sikelo izabwela pambuyo."

"Pambuyo pa manzi, ba Madamu?" anafunsa Chileshe, mawu atasintha.

"Nanga m'mapili mvula izayamba yapempha chilolezo?"

Anayambira kwa Blessed. Chitini choyamba chisanathe, m'katimo munamveka kukuwa. Zipi anakana kutseguka msanga, ndipo Blessed anatuluka chokwawa, nyuzipepala ili phala m'manja. Matenti ena anayi a pa salaula anachita chimodzimodzi. Ya Chileshe sinadonthe ngakhale pang'ono, koma ataipinda yonyowa n'kukoloweka chola pasikelo, muvi unakaima pa makilo khumi ndi atatu. Chileshe anaiyang'ana sikeloyo ngati yamutukwana.

Kwa Tinenenji, Mayi Mwila anafikako pomaliza. Madzi anaomba pamatumba ngati ng'oma, natsetsereka m'misoko, nagwera kunja. Mayi Mwila anatumanso chitini chachitatu, mwina posakhulupirira. Anagwira chingwe cha pakona n'kukoka ndi mphamvu, koma kona sinasunthe. Tinenenji anatuluka n'kuwapatsa nyuzipepala youma. Anakutumula lona kawiri, nalipinda, ndipo chola chonse chinalemera makilo eyiti ndi theka.

Panalibe amene ankasekanso. Mayi Mwila anatulutsanso lonalo n'kuyamba kuyendetsa chala m'misoko.

"Uyu musoko ni wa munthu oziba nchito," anatero. "Anasoka ndani?"

"Batate bake ni ba inspekita ku fakitale," anayankha Blessed, akufinya siketi yake.

Tinenenji akanatha kungokhala chete, ndipo nkhani ikanathera pomwepo. Koma anayang'ana Mayi Mwila m'maso.

"Iyayi, ba Madamu. Nchito inasila chaka chatha. Nenze kunama. Batate banga ni ba Lastone Daka, bamene basoka matenti ya malole pa mutengo wa mango ku msewu. Misoko yapakati nasoka ine, beve banipunzisa. Makona basoka beka." Analoza kumpanda. "Ni baja baimilila kuwaya."

Onse anacheuka. Kunja kwa mpanda wa waya kunali bambo wovala ovolosi yakale ya kufakitale, atagwira njinga. Ataona kuti ana onse akumuyang'ana, anayamba kuwerama ngati akuona tcheni cha njinga. Tinenenji anakweza dzanja m'mwamba n'kuwabayibitsa mpaka anaweramuka.

6. Wachisanu ndi chimodzi

Opambana anali asanu okha: anyamata anayi ndi Tinenenji. Mayi Mwila anawerenga mayinawo kawiri, n'kupinda pepala.

"Pasala malo yamodzi," anatero. "Pa imwe mwasala, wamene aziba maina ya mitengo kuchila bonse ni Blessed, na chola chake chilibe tenti nichopepuka. Ningamutenge, koma alibe nyumba. Mukazi munzake alipo mmodzi chabe. Tinenenji, lona ni yako. Ukakana sinizakupatsa mulandu."

Blessed anayang'ana pansi. Iye ndi amene anaseka kwambiri, ndipo aliyense ankakumbukira. Lona nalonso linali la munthu mmodzi. Awiri akanagonamo, wina mapazi akanakhala pamvula. Ulendo unali Lachinayi.

"Nizafunsa bamene baziba," anatero Tinenenji, n'kuthamangira kuwaya.

Anakaima pamaso pa bambo ake. Anagwira waya ndi manja onse awiri.

"Batate, mwaidula."

"Ndaidula."

"Munakamba ati sizasi siizapitapo muli moyo."

"Ndinanena," anavomera Bambo Daka. "Ndinaisunga chaka chathunthu kuti izindikumbutsa kuti ndinali munthu. Dzulo ndinaitulutsa, ndinaona kuti m'sutikesi muja siikuphimba aliyense. Tsopano nambala yanga ikukwera phiri. Usalire, anzako akuona."

"Baone," anatero Tinenenji, misozi ikutsika.

Kenaka anawafotokozera za Blessed. Ali m'kati mofotokoza, Blessed yemweyo anafika pang'onopang'ono, tenti yake yonyowa ili m'manja. Anapinda maondo mwaulemu.

"Muli bwanji, Batate? Ku nyumba kwathu masaka yaliko yambili. Ningabwelese, mwina munganisokeleko."

Bambo Daka anamuyang'ana kuyambira kumutu mpaka kunsapato zake zoyera.

"Ndili bwino, mwana wanga. Khaki yotsala ilipo, ikwanira makona ena. Koma ine sindisokera munthu nyumba yokagonamo iye ali kwawo. Ubwere ndi matumba awiri ochapa katatu, ndipo uchape wekha. Lolemba masana pa fotini awazi undipeze pamtengo wa mango. Wopalasa makina udzakhala iwe, pamsewu pomwepo, anzako a ku Estates akudutsa pa minibasi. Ukabwera, mupita awiri. Ukapanda kubwera, lona likhala la munthu mmodzi."

Blessed anafinya tenti yake yonyowa ija. Anayang'ana kumsewu, kenaka kwa anzake amene anali atayamba kale kunong'onezana.

Tinenenji sanadikire yankho. Anatuluka pageti, namangirira chola chake pakaliyala ya njinga, zilembo za feteleza zili kunja. Bambo ake anakhotetsa njinga kuloza njira ya kunjanji, poganiza kuti ndi imene mwana wawo angafune. Iye anagwira chiwongolero n'kuchibweza.

"Tiyende ya kumsewu, Batate."

Anayenda limodzi pakati pa tauni, dzuwa lili pamutu, koyamba m'miyezi khumi ndi inayi. Kum'mawa, pamwamba pa mapiri, mitambo yakuda inali itayamba kuunjikana. Atafika pokhota, Tinenenji anacheuka. Blessed anali chiimire pawaya paja, tenti yabuluu ikudonthera pansapato zake, asananene kuti inde kapena iyayi.